Buku la khansa ili ndilikhulupirire? Mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amabwera kawirikawiri kuchokera kwa ophunzira udokotala, unamwino ndi radiotherapy (kuwotcha khansa ndi cheza champhamvu) kuno ku Lusaka, makamaka mayeso akayandikira kapena akangoyamba kuyenda m'mawodi. Ena ndi a achibale a odwala, amene amafika atanyamula buku limene mnzawo wa kutchalitchi wawabwereka. Ndayankha monga munthu amene wakhala nthawi yaitali pakati pa mashelefu a mabuku azachipatala. Zili panozi n'zothandiza posankha chowerenga. Za chithandizo cha wodwala wanu, ogamula ndi madokotala amene amuona ndi maso.

Ndikatenga buku la khansa m'manja, ndiyambe kuyang'ana chiyani?

Chikuto chisiyeni kaye. Vundukulani masamba oyamba mpaka mufike pa tsamba lija la tizilembo ting'onoting'ono limene aliyense amalidumpha. Pamenepo pali chaka chimene bukulo linatuluka, ndiponso ngati ndi kope loyamba, lachisanu kapena lakhumi. Nthawi zina mupeza zaka ziwiri zitagundizana: china ndi chaka chimene analemba, china ndi chimene anangolisindikizanso osasinthamo kanthu. Buku la mu 2012 limene alisindikizanso mu 2020 ndi la 2012 basi, ngakhale pepala lake likununkhira chatsopano.

Mukatero pitani kumapeto kwa mutu umene mukufuna kuwerenga, muone zaka za akafukufuku amene olemba atchula. Chaka chomaliza chimene muchipeze pamenepo ndicho msinkhu weniweni wa mutuwo. Buku lalikulu amalemba ndi anthu ambirimbiri, ndipo kuchokera pamene munthu wapereka mutu wake mpaka bukulo kufika m'sitolo pamatha chaka kapena ziwiri. Olemba ena amangosintha ndime ziwiri pa zimene analemba kalekale. Mutha kupeza mutu wa khansa ya m'mapapo uli watsopano ndithu, koma wa Kaposi sarcoma, khansa imene imaonekera kwambiri pakhungu, m'buku lomwelo uli ndi imvi.

Ndiye buku limakalamba pakatha zaka zingati?

Zimatengera chimene mukufunamo. Mmene maselo a khansa amachulukirana, njira zimene amadzera pofalikira m'thupi, mmene radiotherapy imaphera maselo, zimenezi sizisintha msanga. Buku la zaka khumi likuphunzitsani bwinobwino. Koma mitu ya siteji (pamene khansa yafika pokula ndi pofalikira) ndi ya mankhwala imakalamba mwamsanga, ndipo ine ndimati ikapitirira zaka zisanu musaidalire payokha. Buku lakale lili ngati mapu akale a Lusaka: Cairo Road ndi Great East Road muzipeza pamalo pake, koma flyover ya pa Munali kapena ya pa Makeni mulibe.

Taonani za khansa ya m'mawere. Mabuku akale amati mayi akachitidwa opaleshoni apite ku radiotherapy masiku 25, ndiye kuti milungu isanu. Kenako akafukufuku a ku Britain anaonetsa kuti masiku 15 amagwira ntchito chimodzimodzi, ndipo mu 2020 kafukufuku wotchedwa FAST-Forward anaonetsa kuti kwa amayi ambiri masiku asanu okha amakwana. Kwa wolemba amene ali ku London zimenezi mwina n'zongochepetsa mzere. Kwa mayi wochokera ku Lundazi amene akugona pabalaza kwa mlamu wake ku Matero, n'kumakwera minibasi m'mawa uliwonse, nkhani yake ndi yoti kodi amaliza chithandizo kapena asiyira panjira.

Ndipo buku lililonse lotuluka chisanafike chaka cha 2011 silinena zomveka za mankhwala atsopano a immunotherapy, othandiza chitetezo cha m'thupi kulimbana ndi khansa. Ipilimumab anavomerezedwa chaka chimenecho, pembrolizumab ndi nivolumab mu 2014.

Pali njira yachidule yoyesera buku ndisanagule?

Ilipo. Tsegulani mutu wa khansa ya khomo la chiberekero. Ndi khansa imene imapezeka kwambiri kuposa ina iliyonse m'Zambia muno, ndipo m'zaka zaposachedwa zambiri zasintha pa nthendayi, choncho buku logona limadziulula msanga.

Yambani ndi tebulo la siteji. Bungwe la FIGO, la madokotala a matenda a amayi a dziko lonse, linasintha kagawidwe kake mu 2018. Kale siteji IB inali ndi magawo awiri, IB1 ndi IB2, malire ake ali pa masentimita anayi. Tsopano ilipo itatu: IB1 ndi chotupa chosapitirira masentimita awiri, IB2 kuyambira pamenepo mpaka anayi, IB3 choposa anayi. Anawonjezeranso siteji IIIC, ya mayi amene khansa yafika m'ma lymph node, aja timati mwanabele akatupa: IIIC1 ngati ndi a m'chiuno, IIIC2 ngati ndi a m'mbali mwa mtsempha waukulu wa aorta. Analolanso kuti zotsatira za sikani ndi za ku labu ziziwerengedwa pogamula siteji. Mukaona tebulo lopanda IB3 ndi IIIC, dziwani kuti mutuwo ndi wakale. Si nkhani ya mayeso yokha ayi. Mayi wa chotupa cha masentimita atatu ndi IB1 m'buku lakale koma IB2 m'latsopano, ndipo IB2 wa m'buku lakale ndi wodwala wina, wa chotupa chachikulu, amene chithandizo chake n'chosiyana. Anthu awiri atha kutchula zilembo zofanana pa wodi koma akunena odwala osiyana.

Kenako onani zimene akunena pa opaleshoni. Mu 2018 momwemo kafukufuku wa LACC anapeza kuti amayi amene anawachotsa chiberekero kudzera pa timabowo ting'onoting'ono, khansa inkabwerera kwambiri ndipo ambiri anamwalira poyerekeza ndi amene anawang'amba pamimba. Madokotala ambiri anadabwa. Buku limene likutamabe opaleshoni ya timabowo pa khansa imeneyi popanda kutchula zimenezi lasiyidwa m'mbuyo.

Pa khansa imene yakula kale, buku labwino linena kuti radiotherapy iziyendera limodzi ndi kemo (mankhwala opha maselo a khansa) yotchedwa cisplatin, zimene zinakhazikika kuyambira mu 1999, kuti brachytherapy (radiotherapy yoika gwero la cheza m'kati, pafupi ndi chotupa) si chinthu chongowonjezera koma mbali yofunika ya chithandizo, ndiponso kuti zonse zithe m'milungu isanu ndi itatu chifukwa kuchedwa kumapatsa chotupa mpata wophukanso. Pa zoyeza, lizitchula malangizo a mu 2021 a WHO, bungwe la zaumoyo la dziko lonse, amene amaika patsogolo kuyeza kachilombo ka HPV koyambitsa khansayi, kuyambira zaka 30 kwa amayi onse ndi zaka 25 kwa amene ali ndi HIV. Zonsezi mutha kuziona mutaima pa shelefu, wogulitsa asanayambe kukuyang'anani ndi diso loipa.

Anzanga amati buku lenileni ndi DeVita. Ndisunge ndalama ndigule limenelo?

Buku la DeVita, Hellman ndi Rosenberg linayamba kutuluka mu 1982 ndipo latulukanso kopitirira khumi. Ndi buku lolemekezeka, ndipo amene akuphunzira kuti akhale katswiri wa khansa sangalizembe. Koma ndi loti muzifufuzamo kanthu mukathedwa nzeru, osati lowerenga kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Wophunzira wa chaka chachinayi pa sukulu ya udokotala ya ku Ridgeway kapena ya Levy Mwanawasa amene wagula bukuli amawerenga mitu iwiri, kenako limakhala chotsamiritsira laputopu. Kaliwerengereni ku laibulale. Choti mukhale nacho m'thumba la yunifolomu ndi kabuku kakang'ono ngati Oxford Handbook of Oncology, bola kakhale kope laposachedwa, kuphatikiza malangizo amene chipatala chimene mukuphunzirira chikutsatira.

N'chifukwa chiyani zimene ndikuwerenga sizikufanana ndi zimene ndikuona pa wodi?

Chifukwa wolembayo ankaganiza za wodwala wina. Funso ili ndi limene ndimafuna wophunzira aliyense azilifunsa kwa buku lililonse: kodi wodwala amene ali m'mutu mwa wolemba uyu ndani? M'mabuku ambiri a ku America ndi ku Ulaya ndi munthu wachikulire, wa khungu loyera, wopanda HIV, amene khansa yake aipeza ikadali yaing'ono. Pitani ku Cancer Diseases Hospital, chipatala chija chili pafupi ndi UTH chimene chinatsegulidwa mu 2007, mukaone amene akhala pa benchi. Ambiri ndi amayi a zaka za m'ma 30 ndi 40, ambiri ali pa ma ARV, ndipo ambiri afika nthenda itapita kale patali.

Zimenezi zimasintha zinthu zambiri. WHO imati mayi amene ali ndi HIV ali pa chiopsezo cha khansa ya khomo la chiberekero kuwirikiza kasanu ndi kamodzi poyerekeza ndi amene alibe. Ndiye buku loti litithandize kuno liyenera kunena mmene kemo imakhalira ndi ma ARV. Tenofovir ndi cisplatin onse amalemetsa impso. Zidovudine amachepetsa magazi, kemo nayo n'chimodzimodzi. Ritonavir amachititsa kuti mankhwala a kemo ngati vincristine achedwe kuchoka m'thupi, pamene rifampicin wa TB amathamangitsa mankhwala ena asanagwire ntchito. Wodwala amene ali ndi hepatitis B akapatsidwa mankhwala a khansa otchedwa rituximab kachilombo kaja katha kudzuka n'kuwononga chiwindi. Fufuzani mawu akuti HIV ndi tuberculosis pa mndandanda wa kumapeto kwa buku. Mukapeza masamba awiri okha, mwadziwa kale kuti analembera ndani.

Palinso nkhani ya magazi. Anthu ambiri a mu Africa muno ali ndi ma neutrophil (mtundu wa maselo oyera a m'magazi olimbana ndi matenda) ochepa mwachibadwa, popanda kudwala kulikonse, chifukwa cha mtundu wa magazi wotchedwa Duffy-null. Buku limene limangopereka nambala imodzi ya anthu onse litha kukuchititsani mantha ndi zotsatira zimene kwa munthuyo n'zabwinobwino. Mabuku atsopano ayamba kuzitchula.

Ndiye zithunzi. Pa khungu loyera Kaposi sarcoma imaoneka yofiirira, ndipo khungu limene lapsa ndi radiotherapy limafiira. Pa khungu lathu Kaposi imaoneka ngati zigamba zakuda kwambiri, nthawi zina zongotukuka pang'ono, ndipo mwendo umatupa n'kuuma gwa. Kupsa kwa radiotherapy kumayamba ndi kuda, osati kufiira. Wophunzira amene anazolowera zithunzi za m'buku atha kuyang'ana chinthucho ndi maso ake awiri osachizindikira. Kwa ife khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma imakonda kutuluka kuphazi, kunsi, kumene wodwala saganiza n'komwe zokuonetsani mukapanda kumuuza kuti avule nsapato.

Ndipo pali khansa zimene kwa iwo n'zachilendo koma kwa ife n'zatsiku ndi tsiku: ya kum'mero, ya m'diso imene imayenda ndi HIV, ya pakhungu mwa anthu achialubino, ya m'chikhodzodzo yoyamba ndi likodzo, ya m'chiwindi yoyamba ndi hepatitis B ndi poizoni wa chuku cha mtedza ndi chimanga, Burkitt lymphoma ya ana. M'buku la masamba zikwi ziwiri, zina mwa izi zimapatsidwa ndime imodzi.

Kodi palibe chimene chinalembedwa kuchokera kuno kwathu?

Chilipo, ndipo china chinalowa m'mabuku a dziko lonse. Anne Bayley, dokotala wa opaleshoni amene ankaphunzitsa pa yunivesite ya Zambia, ndi amene anaona mu 1983 kuti Kaposi sarcoma ya odwala a mu Lusaka yasintha khalidwe: inayamba kugwira achinyamata, kufalikira thupi lonse ndi kupha msanga. Analemba zimenezi m'magazini ya The Lancet mu 1984, nthawi imene anthu ambiri anali asanavomereze kuti Edzi yafika kuno. Kachilombo koyambitsa khansayi, HHV-8, kanadzapezeka mu 1994.

Kuyambira mu 2006 anamwino a m'zipatala za mu Lusaka akhala akuyeza amayi khomo la chiberekero ndi viniga n'kuthandiza pompo amene apezeka ndi zizindikiro, ndipo ntchito imeneyi yalembedwa kwambiri m'magazini azachipatala. Pa mankhwala a Kaposi, kafukufuku amene anachitika m'mayiko angapo a mu Africa ndi ku Brazil, wotuluka mu 2020, anaonetsa kuti paclitaxel pamodzi ndi ma ARV amaposa bleomycin ndi vincristine. Zotere mumazipeza msanga m'magazini kusiyana ndi m'mabuku.

Buku ndi malangizo a chithandizo zikasiyana, nditsate ziti?

Malangizo, ngati ali atsopano kuposa bukulo, ndipo nthawi zambiri amakhala otero. Buku limakuuzani chifukwa chake. Malangizo amakuuzani chochita lero. Yambani ndi a Unduna wa Zaumoyo ndi a chipatala chanu. Kenako pali malangizo a NCCN, mgwirizano wa zipatala za khansa za ku America, amene anakonzedwa kuti agwirizane ndi mayiko a kum'mwera kwa Sahara, ntchito imene akatswiri a mu Africa muno anagwira limodzi ndi a ku America ndipo oyamba anatuluka mu 2017. Ubwino wake ndi woti sanamizira kuti chipatala chilichonse chili ndi zonse. Zolembedwa ndi inki yakuda ndi chithandizo chimene chimapezeka mwa nthawi zonse, zotuwa ndi zapamwamba zimene n'zodula kapena zovuta kuzipeza, ndipo zabuluu ndi njira zimene mungatsate ngati zinazo palibe.

Onaninso mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunika kwambiri, umene amaukonzanso zaka ziwiri zilizonse. Ngati mutu wonse wa buku wadzaza ndi mankhwala amene pa mndandandawo palibe, werengani kuti mudziwe kumene dziko likupita, koma musayembekeze kuwapeza ku famase mawa m'mawa.

Buku lolembedwa ndi maprofesa lingalakwitse?

Kwambiri. M'zaka za m'ma 1990 madokotala ambiri ankakhulupirira kuti mayi wa khansa ya m'mawere yoopsa apulumuka akapatsidwa kemo yamphamvu kwambiri, yopha ndi mafuta a m'mafupa omwe, kenako n'kumubwezeretsa maselo a m'mafupawo. Amayi masauzande ambiri analandira chithandizo chowawachi. Umboni wamphamvu woikira kumbuyo njirayi unachokera kwa Werner Bezwoda wa pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg. Mu 2000 akatswiri atapita kukaona mafayilo a odwala ake anapeza kuti zimene analemba sizinali zoona, ndipo anachotsedwa ntchito. Akafukufuku ena oyendetsedwa bwino anaonetsa kuti njirayi sitalikitsa moyo. Koma mabuku amene anasindikizidwa m'zaka zimenezo akadalipo m'mashelefu, ena anabwera kuno ngati mphatso m'makatoni, ndipo akunenabe zomwezo.

M'mbuyomonso, kwa zaka zambirimbiri buku lililonse linkaphunzitsa opaleshoni ya Halsted, yochotsa bere lonse pamodzi ndi minofu ya pachifuwa, mpaka akafukufuku a Bernard Fisher anaonetsa kuti kwa amayi ambiri kuchotsa chotupa chokha n'kuwonjezera radiotherapy kumasunga moyo mofanana. Choncho pamene buku lanena kuti njira iyi ndiyo yabwino, yang'anani chimene latsamira. Kodi ndi kafukufuku amene odwala anawagawa m'magulu mwamaere n'kuyerekezera? Kapena ndi odwala makumi awiri a pachipatala cha wolemba yekhayo? Buku labwino limakuuzani lokha pamene umboni uli wofooka, ndipo sindidandaula likatero.

Manambala amandisokoneza. Akati mankhwala achepetsa imfa ndi 40 peresenti akutanthauza chiyani?

Titenge kafukufuku wa INTERLACE, wotuluka mu 2024, amene anachitika pa amayi 500 a khansa ya khomo la chiberekero ku Britain, Mexico, India, Italy ndi Brazil. Gulu lina linalandira carboplatin ndi paclitaxel kwa milungu isanu ndi umodzi lisanayambe radiotherapy ndi cisplatin, lina linangoyamba mwa nthawi zonse. Nkhani zinalengeza kuti chiopsezo cha imfa chatsika ndi 40 peresenti, ndipo n'zoona. Koma patatha zaka zisanu, amoyo anali 80 pa amayi 100 aliwonse m'gulu loyamba, ndi 72 pa 100 m'gulu linalo. Kusiyana kwake ndi amayi asanu ndi atatu pa 100 aliwonse. Ndi phindu lalikulu ndithu, makamaka poti mankhwalawo ndi akale komanso otsika mtengo, koma si amayi 40 pa 100 monga mmene khutu limamvera.

Buku labwino limapereka manambala onse awiri. Limasiyanitsanso kutalikitsa moyo ndi kungochedwetsa kukula kwa chotupa pa sikani, chifukwa mankhwala ena odula kwambiri amachita chachiwiricho chokha. Banja lisanagulitse munda kapena ng'ombe liyenera kuuzidwa kuti ndi chiti mwa ziwirizi chimene likugula.

Dzina la wolemba lili ndi ntchito?

Lili nayo pang'ono. Onani ngati amagwiradi ntchito pa khansa imene akulembayo, ndiponso ngati bukulo laulula amene amalandira ndalama ku makampani a mankhwala. Kabuku kaulere kokongola kamene kali ndi chizindikiro cha kampani pachikuto, kawerengeni mukudziwa amene analipira inki.

Ma PDF a pa WhatsApp ndi mafotokope bwanji? Mabuku enieni ndi odula.

Ndikudziwa kuti ndi odula, ndipo sindinamizira kuti ophunzira satumizirana. Kupatula nkhani ya malamulo a umwini wa mabuku, pali zovuta zina zimene muyenera kuzidziwa. Dzina la fayilo litha kunena kope latsopano pamene m'kati muli lakale, choncho kaoneni tsamba la tizilembo lija. Masamba ena amasowa, ndipo amene amasowa kawirikawiri ndi a matebulo. Pa fotokope yotuwa, kadontho ka pakati pa 1.4 katha kufufutika, ndipo pa mlingo wa kemo kadontho kameneko ndi moyo wa munthu. Zithunzi za khungu ndi za pa maikulosikopu zimasanduka mdima wokhawokha. Malangizo a NCCN aja, mukawachita fotokope yopanda mitundu, zakuda, zotuwa ndi zabuluu zimayamba kufanana, ndiye chinthu chimene chinawapangitsa kukhala othandiza chapita.

Mlingo wa mankhwala musautenge m'buku, m'PDF kapena m'kope la mnzanu. Umachokera pa pepala la chithandizo la chipatala, ndipo wa ku famase amaubwereza kuwerenga.

Nanga zaulere zodalirika zilipo?

Zilipo zambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Bungwe la National Cancer Institute la ku America lili ndi nkhokwe ya chidziwitso cha khansa pa intaneti yotchedwa PDQ, imene amaikonza pafupipafupi, ndipo khansa iliyonse ili ndi mbali ya azachipatala ndi ina ya odwala yolembedwa m'Chingelezi chosavuta. Malangizo a WHO onse ndi aulere. A NCCN mumangolembetsa dzina. PubMed, nkhokwe ya pa intaneti ya akafukufuku azachipatala, ndi yaulere pofufuza, ndipo nkhani zambiri mumawerenga zonse. Palinso Hinari, imene WHO inayambitsa mu 2002 kuti masukulu ndi zipatala za m'mayiko ngati lathu ziziwerenga magazini ndi mabuku odula. Funsani woyang'anira laibulale ya pasukulu panu mmene mungalowere. Ambiri amamaliza maphunziro osafunsako n'kamodzi komwe.

Mapulogalamu ocheza nawo ngati ChatGPT atha kukufotokozerani mfundo yovuta mosavuta, koma nthawi zina amapeka dzina la kafukufuku amene kulibe. Chilichonse chimene akupatsani kachifufuzeni pa PubMed.

Amayi anga ali pa kemo. Wina watipatsa buku lonena kuti khansa imatha ndi zakudya ndi zitsamba. Tilitaye?

Pepani ndi matenda a amayi. Amene anakupatsani bukulo mwina anachita mwachikondi, ndiye palibe chifukwa chokangana naye. Koma liyeseni ndi mafunso ochepa. Kodi likulonjeza kuchiza khansa zamitundu yonse ndi chinthu chimodzi? Khansa si nthenda imodzi. Ya m'magazi mwa mwana ndi ya prostate mwa agogo n'zosiyana kutalitali. Kodi umboni wake ndi nkhani za anthu amene akuti anachira, popanda kunena za amene anamwa n'kumwalira? Kodi kumapeto kuli nambala ya foni yoti mugule botolo? Kodi likuti madokotala akubisa mankhwala enieni? Ndipo chachikulu: kodi likuuza amayi kuti asiye kapena achedwetse chithandizo cha kuchipatala? Likatero, lichotseni pafupi ndi bedi lawo.

Zinthu zina zotere zinayesedwa kale. Mankhwala a njere za apurikoti, amene ena amawatcha vitamini B17, anawayesa pa odwala ku America ndipo zotsatira za mu 1982 zinaonetsa kuti sathandiza, komanso ena anaonetsa zizindikiro za poizoni wa cyanide. Kafukufuku wa pa yunivesite ya Yale wa mu 2018 anapeza kuti odwala amene anasankha njira zina zokhazokha, kukana za kuchipatala, chiopsezo chawo cha imfa chinali chowirikiza kawiri ndi theka, ndipo pa khansa ya m'mawere chinapitirira kasanu.

Sikuti azachipatala amanyoza zomera. Vincristine ndi vinblastine amachokera ku kaduwa kaja ka Madagascar periwinkle, kofiirira kapena koyera, kamene kamamera m'mabwalo a nyumba zambiri muno mu Lusaka. Paclitaxel anamupeza m'khungwa la mtengo wa yew. Kusiyana kwake n'koti anazisefa, anapeza mlingo wake, n'kuziyesa pa odwala ambiri. Kuwiritsa masamba a kaduwako n'kumwa sikuchiza khansa ndipo kutha kuvulaza. Chilichonse chimene amayi akumwa kunyumba, kaya ndi moringa kaya ndi mizu ya kwa asing'anga, auzeni adokotala kapena Ba Sista a pa wodi mosabisa, chifukwa zina zimalimbana ndi kemo m'chiwindi ndi mu impso. Chakudya chabwino n'chofunika kuti thupi lipirire chithandizo, ndipo buku limene likunena zimenezo popanda kulonjeza zozizwitsa mutha kulisunga.

Ndi mutu uti umene anthu amaiwala kuuona posankha buku?

Wa ululu ndi chisamaliro cha wodwala amene sangachire. Kawirikawiri umakhala kumapeto, ndipo ophunzira amaudumpha poganiza kuti subwera pa mayeso. Koma pa wodi ndi umene mudzaufune usiku woyamba. Onani ngati bukulo likufotokoza makwerero a WHO a mankhwala a ululu, amene anatuluka mu 1986, ngati likuphunzitsa kupereka morphine wakumwa pa nthawi yake osadikira kuti wodwala ayambe kubuula, ndiponso kuti wopatsidwa morphine apatsidwenso mankhwala ofewetsa m'mimba. Onani ngati likunena za chilonda chonunkha, kutaya magazi, kutupa kwa mwendo, ndi zizindikiro zoti khansa yapana msana, zimene zikachedwa kuzindikirika munthu sayendanso. Mmene mungauzire banja nkhani yovuta, mabuku akunja amalemba ngati kuti m'chipindamo muli dokotala ndi wodwala basi. Kuno mumakhala amalume, azakhali ndi apongozi, ndipo nthawi zina amakupemphani kuti wodwalayo asauzidwe. Zimenezo muziphunzira poima pambali pa anamwino akale.

Aphunzitsi akunena zina, buku langa latsopano likunena zina. Pa mayeso ndilembe ziti?

Afunseni kalasi ikatha, mwaulemu, buku lili m'manja: "Adokotala, ndapeza izi apa, kodi ife tikutsata ziti?" Nthawi zambiri mupeza kuti akudziwa bwino za kusinthako koma akuphunzitsa zimene zingatheke ndi zipangizo zimene zilipo. Polemba siteji, tchulani ndi chaka chomwe, monga FIGO 2018, kuti wochonga adziwe tebulo limene mwagwiritsa ntchito. Chizolowezi chimenechi mupite nacho ndi m'fayilo ya wodwala momwe.

Ndamaliza sukulu ndipo ndili ndi mabuku akale. Ndiwapereke kwa a chaka choyamba?

A anatomy, physiology, pathology ndi physics ya radiotherapy apatseni, akuthokozani. A chithandizo cha khansa amene apitirira zaka khumi asapite kwa munthu amene sanafike podziwa kusiyanitsa zakale ndi zatsopano. Ngati mukuona kuti n'zachisoni kuwataya, tengani cholembera chachikulu mulembe chaka chake pachikuto, ndipo pa matebulo a siteji ndi a mlingo wa mankhwala mudule mzere kuchokera pakona kufika pakona.